Tsiku Limene Amayi Anabisa Umphawi

Ndinalowa yunivesite ya boma ndi sutikesi ya malemu bambo anga ndi ndalama za thonje la chaka chimodzi. Kwathu ndi kwa Mlolo, tsidya la kum'mawa kwa Shire, kumene madzi amatichezera osaitanidwa. M'mudzi mwathu munalibe amene anapitako ku yunivesite ine ndisanapite, choncho dzina langa litatuluka anthu anavina ngati kuti ndamaliza kale. Palibe anafunsa kuti nanga sukuluyo alipira ndani. Inenso sindinafunse, ndinali kalikiliki kuvina nawo.

Chaka choyamba tinachidutsa chokwawa. Amalume, achimwene awo a amayi, anagulitsa ng'ombe, amayi anagulitsa chitowe chonse, ine ndinaphunzira kudya kamodzi patsiku n'kumati ndikusala. Chaka chachiwiri chisanayambe madzi anasefukira. Anatenga thonje, mapira ndi nyumba yathu yomwe. Amayi anatsala ndi mbuzi imodzi ndi kanyumba ka bango kofolera ndi lona ya chithandizo.

Kumtunda kuja, ku yunivesite, ndi kumene ndinadziwira kuti sukulu ya boma si sukulu yaulere. Boma limapereka gawo lake, koma gawolo limachedwa panjira, ndipo likamafika limakhala litaonda. Zikatero khonsolo, gulu la akuluakulu amene amayendetsa yunivesite, limakumana n'kuyang'ana m'matumba mwa ife ophunzira. Chaka chimenecho anakweza fizi. Anzanga anachita zionetsero, ena anagenda magalasi. Ine sindinapiteko, osati chifukwa cha khalidwe labwino ayi, koma nsapato zanga zinali zosathamangira. Ngongole ya boma ya ophunzira ndinafunsira, koma ofunsa tinali ambiri kuposa ndalamazo, ndipo dzina langa silinatuluke.

Mkangano wa fizi uja unabala kanthu kamodzi kabwino. Khonsolo inavomera kupatula kathumba kothandizira ophunzira osowa amene ngongole inawadumpha. Kwa ine nkhani inali yosavuta kumva. Ndikapeza thandizolo ndipitiriza sukulu, ndikalephera ndibwerera kwa Mlolo ndi sutikesi ya bambo ndi chaka chimodzi cha maphunziro chimene sichingandigulire ngakhale mchere.

Panali vuto limodzi. Kale ana a anthu olemera ankabwera ndi makalata a zidindo onena kuti ndi amasiye, pamene makolo awo ali moyo ndi magalimoto awiri. Choncho komiti yoyang'anira thumbalo inalamula kuti patchuthi anthu ake aziyendera makomo a ofunsira, akaone ndi maso awo. Maganizowo anali abwino ndithu. Kungoti anawaganiza anthu amene sanalandiridwepo ngati alendo kuchigwa kwathu.

Apa ndiyenera kuvomera mlandu wanga. Tchuthi chimenecho ndinatsalira mumzinda, ndimachita ganyu yophunzitsa ana a banja lina. Atandiuza tsiku limene adzafike kwathu, ndinaimba foni ya amalume, popeza amayi analibe yawo. Amayi atabwera pafoni ndinawauza kuti alendo a ku yunivesite abwera Lachinayi kudzaona kwathu. Anafunsa kuti adzaona chiyani. Ndinati angofuna kudziwa kumene ndimachokera. Pakamwa panga panalephera kunena kuti akubwera kudzayeza umphawi wathu. Amayi anga ndi munthu amene njala ikavuta amatereka mphika wa madzi okhaokha kuti oyandikana nawo aone utsi. Ndinachita manyazi kuwauza, ndipo ndinadzinamiza kuti poti nyumba ndi ya lona, alendowo adzaona okha.

Lachinayilo ndinanyamuka m'mamawa kuti ndikawatsogolere. Minibasi inanditula pa Bangula nthawi yabwino, koma bwato lowolotsa linakana kunyamuka lisanadzaze. Tinakhala padzuwa la mwezi wa Okutobala kudikira mayi wina wa matumba a makala amene ankakangana ndi mwini bwato. Nditawoloka ndinakwera kabaza, ndipo pamene ndimalowa m'mudzi dzuwa linali litapendeka kale. Alendowo anali atadzera njira ya ku Thabwa pagalimoto ndipo anandipitirira ndi maola atatu.

Ndinamva nyimbo ndisanaone anthu. Galimoto inaima pakhomo pa amalume, osati pathu. Amalume anagwirapo ntchito kuminda ya nzimbe zaka zambiri, ndipo nyumba yawo ya njerwa zootcha ndi malata ndi yokhayo imene madzi anaisiya chiimire mbali yathuyo. Pansi pa mtengo wa nimu anandanda mipando ya pulasitiki ya kutchalitchi. Panali sofa wa aphunzitsi aakulu a kupulaimale, amene amuna anayi anamunyamula kuchokera kusukulu. Panali tebulo lokuta ndi nsalu yoluka, matambula agalasi, wailesi ikuimba, ndi sola itatsamira khoma poonekera bwino. Khomo lililonse linatulutsa chimene madzi analisiyira. Ndinazindikira ngakhale beseni losambitsira m'manja, linali la mayi woyandikana nafe amene salibwereketsa ngakhale pamaliro.

Alendo anali awiri, bambo wa ku ofesi yoona za ophunzira ndi mayi wina mphunzitsi wa ku yunivesite. Ndinawapeza akusamba m'manja atatha kudya mpunga ndi nyama. Sindinafunse kuti nyamayo inali ya chiyani. Chikopa cha mbuzi yathu chinali chitayanikidwa kuseri kwa khola la amalume.

Amayi anali atavala chitenje chatsopano chimene ndinali ndisanachionepo, nkhope ikuwala ndi mafuta. Sindinawaonepo akusangalala chotero chimwalirire bambo. Ankayenda pakati pa alendo ndi kukhitchini ngati mtsikana, akubwereza zikomo wa Chisena kuti takhuta, takhuta, mwatiyendera. Bambo wa ku ofesi uja anatulutsa fomu ndi foni, najambula nyumba, sola, sofa ndi khola. Kenaka anafunsa ngati pakhomopo panali pakwathu. Amalume anayankha mokweza, monyadira, kuti mwanayu ndi wawo ndipo pano m'pakwawo. Sananame. Kwathu mwana wa mlongo wako ndi wako, ndipo nyumba ya malume ndi kwanu.

Ndinali nditaima pomwepo. Ndikanatha kunena kuti tiyeni ndikakuonetseni kumene amayi amagona, panali mtunda wosakwana kuyenda mphindi zisanu. Koma mudzi wonse unali pamenepo, azimayi a kutchalitchi atavala yunifolomu, ndipo amayi anali kundiyang'ana ndi maso onyadira. Kunena mawu amenewo kukanakhala kuwavula pagulu. Ndinagwada, ndinapereka moni, ndinatseka pakamwa. Alendo ananyamuka atapatsidwa nkhuku ndi thumba la masau ouma, azimayi akuwaperekeza ndi nyimbo mpaka kumsewu.

Fumbi la galimoto lisanathe ndinawakokera amayi ku kanyumba kathu. Ndili ndi mtima wapachala, ndinatengera kwa bambo, ndipo tsiku limenelo ndinalankhula mawu amene mwana sayenera kulankhula kwa mayi wake. Ndinawafunsa chimene anaphera mbuzi. Ndinawafunsa ngati sofa wa aphunzitsi adzandilipirira fizi. Iwo anandiyang'ana modabwa.

"Iwe umafuna anthu ophunzitsa mwana wanga ndiwakhazike pansi pa lona? Adye nyika?"

Nyika ndi timizu ta maluwa a m'madzi, timene timakazula kudambo chaka cha njala, m'madzi momwe muli ng'ona. Ndi zimene amayi ankadya miyezi imeneyo. Dengu lake anali atalivundikira ndi chiguduli kuseri kwa chitseko kuti mlendo angalione.

Pamenepo ndi pamene ndinawauza zoona, kuti anthuwo anabwera kudzaona ngati tili osauka, ndipo amene amupeza ali bwino samuthandiza. Amayi anakhala pansi pamphasa. Kenaka anafunsa chifukwa chimene sindinawauzire pafoni paja. Ukali wanga wonse unathera pomwepo. Madzulo ake anasenza okha mipando ya kutchalitchi, iwiriiwiri, osalola munthu kuwathandiza. Ine ndinalira, koma sindinapepese. Ndinadzapepesa patapita zaka, ndipo ananena kuti anaiwala, chimene ndikudziwa kuti sichoona.

Kalata inandipeza nditabwerera kumtunda. Inati malinga ndi zimene komiti inaona, banja langa likhoza kudzilipirira lokha. Ndinaiwerenga nditaima pakhonde la ofesi. Kulembetsa maphunziro a chaka chatsopano kunali kutseka pakatha masabata atatu, ndipo wosalipira samulola kulowa m'kalasi. Pansi penipeni pa kalatayo panali mzere wa zilembo zing'onozing'ono wonena kuti wosakhutira akhoza kudandaula kwa komiti. Ndinamva pambuyo pake kuti mzere umenewo anaukakamiza ndi ophunzira awiri amene amatiimira mu khonsolo, anthu amene ine ndinkawanyoza kuti amangopitira masamusa a pamsonkhano.

Ndinapita kwa bambo wa ku ofesi uja ndi zithunzi za kanyumba ka lona. Anandilandira bwino, koma anati chithunzi cha chisakasa aliyense angajambule paliponse, ndipo iye anadya nyama kwathu ndi pakamwa pake. Ngati ndikufuna kudandaula, kholo langa libwere lidzalankhule lokha pamaso pa komiti. Ndinatuluka ndikudziwa kuti zatha. Munthu amene amabisa njala kwa mnansi wake sangakwere phiri kudzaiulula kwa anthu a mataye. Amayi sindinawapemphe n'komwe. Ndinangowauza amalume pafoni mmene zinthu zinalili, ndipo ndinayamba kulongedza mabuku.

Kutatsala tsiku limodzi kuti komiti imve madandaulo, mlonda wa pageti anandiitanitsa kuti kwabwera mayi wondifuna. Ndinapeza ali amayi anga, atakhala pansi pambali pa geti, miyendo atatambalitsa, kajumbo kali pamiyendo. Anali atawoloka ndi bwato loyamba, ndipo m'makhota a msewu wokwera phiri anasanza kawiri. Ndinawafunsa amene anawatuma. Anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye ndisawataitse nthawi ndi mafunso, ndiwapezere madzi akumwa.

M'mawa mwake anavala bulauzi yawo yoyera ya kutchalitchi, yosita bwinobwino, ndi duku lomanga mwaluso. Ukali unandibwereranso. Ndinawauza kuti kuvala bwino ndi kumene kunatipweteka, bwanji osavala zimene amavala kumunda. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anati umphawi si litsiro, ndipo iwo sanabwere kudzachita sewero.

Chipinda cha komiti chinali chozizira, ndipo amayi, munthu wa kuchigwa, ankanjenjemera ngakhale anthu a kumtundawo ankadzikupiza ndi mapepala. Pozungulira tebulo panakhala anthu asanu. Awiri anali alendo athu aja. Wapampando anali mayi wachikulire wa imvi, membala wa khonsolo koma wosagwira ntchito pa yunivesitepo, amene anapuma pa uphunzitsi. Anawapatsa amayi mpando wa matayala, iwo anakhala kumphepete kwenikweni atagwira tebulo kuti ungawathawe. Wapampando anawauza kuti alankhule m'chinenero chimene akufuna.

Ndinkayembekeza kuti ayamba ndi kupepesa, kapena kulira. Sanatero. Anayamba ndi kufunsa alendo aja ngati anayenda bwino pobwerera. Kenaka analankhula pang'onopang'ono, Chimang'anja chosakaniza ndi Chisena monga timalankhulira kwathu.

"Inu mudabwera ngati alendo, ine ndidakulandirani ngati alendo. Nyumba ija si yanga, nja achimwene. Mipando nja kutchalitchi. Mbuzi yokha ndiyo idali yanga, ina nkhabe, ndilibe. Palibe adandiuza kuti mwadzera kudzaona umphawi. Mukadanena, ndikadakuonetsani. Ndili nawo wambiri."

Anamasula kajumbo kaja n'kukhuthulira nyika patebulo, pamwamba pa mapepala a anthu. Tinali timizu takuda, tamatope ouma. Anati izi ndi zimene anabisa kuseri kwa chitseko tsiku lija. Mmodzi wa a komiti anafunsa kuti n'chiyani, ndipo ndinafotokoza ndine. M'moyo wanga wonse ndinali ndisanawamvepo akunena kuti alibe kanthu. Ngakhale tsiku limene madzi anatenga nyumba ankauza anthu kuti tili bwino. Ndinachita manyazi, osati ndi nyikazo, koma kuti ndine amene ndinawafikitsa pamenepo.

Mphunzitsi wa ku yunivesite uja anaweramitsa mutu. Bambo wa ku ofesi anati iye analemba zimene anaona, ndipo sindikumuimba mlandu, analembadi zimene anaona. Kenaka anayamba kukangana okhaokha m'Chingerezi, ataiwala kuti ine ndikumva. Wina anati akatsegula khomo limeneli, aliyense wokanidwa abwera ndi mayi wake ndi kajumbo. Wina anati nanga mzere wa madandaulo uja anaulembera chiyani. Wina anakumbutsa anzake kuti thumbalo ndi laling'ono, boma silinatumizebe gawo lake la miyezi imeneyo, ndipo kundipatsa ine ndi kumana wina amene mwina amadya zoipa kuposa nyika. Mawu amenewo anandilasa chifukwa anali oona. Mphunzitsi uja anadzutsa mutu n'kunena kuti tsiku lija anadabwa kuona mipando yolembedwa dzina la mpingo kumsana, koma anali ndi njala ndipo nyama inali yokoma, choncho sanafunse.

Kufikira tsiku limenelo yunivesite ndinkaiona ngati khoma lomata zidziwitso. Zinthu zinkangotuluka, fizi yakwera, mayeso asintha, uje wachotsedwa, osadziwa kuti wanena ndani. M'chipinda muja ndinaona kuti kuseri kwa khomalo kuli anthu asanu otopa, ogawa kanthu kochepa kwa anthu ambiri, amene akhoza kulakwitsa ndiponso akhoza kumva. Ndinaganizanso kuti ndalama zimene amakanganiranazo si za munthu wa taye aliyense. Zimachokera kwa anthu onga amayi, pa sopo ndi mafuta ophikira amene amagula. Amayi sanabwere kudzapempha kwa eni ake, nawonso anali mwini. Izi sindinazinene, ndinazidziwa mochedwa monga mwa chizolowezi changa.

Wapampando anawathokoza amayi m'Chichewa chaulemu. Sanalonjeze kanthu. Anati komiti ikumananso ndipo mayina adzamatidwa pakatha masiku khumi. Amayi anatolera nyika zawo imodziimodzi n'kubwezera m'kajumbo, chifukwa chakudya satayira patebulo la eni. Titatuluka sanafune kuona kalasi kapena laibulale. Anati kuno kukuzizira, ndiwaperekeze kudepoti.

Masiku khumi amenewo ndinawakhala theka la mabuku lili m'sutikesi, theka lili panja. Ndinamva kuti komiti inatuma munthu wina kwathu, ulendo uno osalengeza, ndipo anawapeza amayi akuchokera kudambo, madzi akuchucha m'chitenje. Amayi anamupatsa mphasa ndi madzi akumwa, ndipo akuti anapepesa katatu kuti wawapeza osakonzeka. Kuyambira chaka chotsatira, kalata yopita kwa makolo inayamba kulembedwa m'Chichewa, yonena mosabisa chimene alendo akudzera ndiponso kuti asawaphikire. Ndikukayika ngati kuchigwa kwathu alipo amene anamvera zosaphikazo, komabe kalatayo inathandiza ambiri amene anabwera pambuyo panga.

Mayina anamatidwa Lachisanu masana, kutatsala masiku awiri ogwira ntchito kuti kulembetsa kutseke. Panali chikhamu, ena akukuwa, ena akuchoka mwakachetechete. Ine ndine wamfupi, choncho ndinadikira kuti anthu achepe. Dzina langa linali lachiwiri kuchokera pansi. Ndinaliwerenga katatu, ndinaliyika chala, kenaka ndinathamanga ndi nsapato zanga zosathamangira zija kukafuna mayunitsi.

Nditaimba, amalume anapita nayo foni kwa amayi akuthamanga, ndinkamva kupuma kwawo ndi agalu akuuwa. Nditawauza amayi, sanalulute. Anafunsa ngati dzinalo alilemba papepala, ndinati eya. Anafunsa kuti pepalalo lili kuti, ndinati pakhoma la ofesi, panja. Anafunsa kuti pamwamba pake alembapo chiyani. Ndinafuna kunama, koma kunama kunali kutandikwana. Ndinati alemba kuti ophunzira ochokera m'mabanja osauka.

"Ndi dzina la bambo ako lomwe?"

"Eya, amayi."

"Anthu onse akuwerenga?"

"Akuwerenga."

 Amayi anakhosomola pang'ono.

"Aleke awerenge. Iwe Lolemba ukalowe m'kalasi."